Kagulu kowerenga nthano kuno ku Joni: momwe mungayambire mpaka kufika polemba zanuzanu

Ambiri a ife tinasiya kuwerenga nthano tsiku lomwe tinatuluka m'chipinda cha mayeso a Fomu 4. Sikuti mabukuwo tinkadana nawo ayi. Sukulu ndiyo inatizoloweza kuti buku likatha, chotsatira ndi funso la malikisi: tchulani mfundo zikuluzikulu, fotokozani khalidwe la mpangankhani wamkulu. Panalibe wotifunsa ngati nkhaniyo inatipsetsa mtima, ngati inatisowetsa tulo, kapena ngati tinamukonda munthu amene mlembi ankafuna kuti timude. Chonsecho zimenezo ndi zomwe zimachititsa munthu kufuna buku lachiwiri.

Kuno ku Johannesburg munthu amalawira m'mamawa kukaima pamzere wa tekisi, n'kubwerako kutada, thupi lili lefu. Nthawi yowerenga ngati wokonzekera mayeso palibe, ndipo sikufunika n'komwe. Chomwe chimatheka ndi kuwerenga masamba khumi lero, asanu mawa, kenako n'kukumana ndi anzako ochepa kuti uwauze m'Chichewa chomwe nkhaniyo yakuchita mumtima. Malangizo awa ndi a amene akufuna kuyambitsa kagulu kotero. Ndawasanja motsatana, koma onse akuloza kumodzi: zomwe mwamva powerenga, kaya ndi mkwiyo, chisoni, manyazi kapena kutopa kumene, musazitaye. Kagulu kamakumanira zimenezo.

Choyamba, pezani anthu

Anthu anayi kapena asanu akukwana, akachulukitsa asanu ndi awiri. Musathamangire kutsegula gulu la WhatsApp n'kulowetsamo aliyense wakwanu amene nambala yake muli nayo, chifukwa mlungu usanathe mudzadzaza mauthenga a maliro, malonda ndi mavesi, za mabuku zitakwiririka. Lankhulani ndi munthu mmodzimmodzi pamaso.

Posankha anthuwo ganizirani tsiku lawo lopuma. Ogwira ntchito m'nyumba ndi osamalira maluwa ambiri amapuma Lamlungu, pomwe a m'mashopu ndi m'malesitilanti amapuma tsiku lomwe abwana anena. Ganiziraninso mtunda. Wa ku Diepsloot ndi wa ku Rosettenville angakondane bwanji, koma kuti akumane pamafunika matekisi angapo, ndipo ndalama yake imaposa mtengo wa buku. Kuli bwino timagulu tiwiri, kena kumpoto kena kumwera.

Sakanizani misinkhu, amuna ndi akazi. Amene Chingerezi chimamuvuta musamusiye kunja: wina azimuwerengera mokweza n'kumamufotokozera. Nthawi zambiri anthu otere ndi amene amagwira zomwe owerenga mothamanga adumpha. Buku likhale la chinenero chilichonse, koma zokambirana zikhale m'chinenero chomwe munthu amadandauliramo. Wa Chiyao kapena wa Chitumbuka akasowa mawu, anene m'chakwawo, wina amasulira.

Chachiwiri, kopeza mabuku

Yambani ndi malaibulale a mzinda, poti okhala mumzinda uno amabwereka mabuku kwaulere akakhala ndi khadi. Laibulale yaikulu ili pakati pa tauni, pa Beyers Naudé Square, m'nyumba yomwe inatsegulidwa mu 1935. Inakhala yotseka kwa zaka zingapo poikonza ndipo inatsegulidwanso mu 2025. Koma simufunika kuchita kufika m'tauni, chifukwa ku Yeoville, Mayfair, Rosettenville, Randburg, Sandton ndi Diepsloot kulinso nthambi zake. Polembetsa amafuna chiphaso ndi umboni wa pomwe mumakhala. Ambiri a ife timachita lendi kachipinda kuseri kwa nyumba ya eni, bilu yamadzi ndi yamagetsi siili m'dzina lathu, ndiye funsani pakauntala kuti amalandira kalata yotani m'malo mwake. Safunsa anadya phula. Ngati mapepala anu sanalongosoke, musadzivute: mmodzi amene ali ndi khadi abwereke, ndipo nonse muonetsetse kuti bukulo labwezedwa pa tsiku lake lili laukhondo, popeza likachedwa kapena kusowa mlandu umagwera iye.

Vuto la ku laibulale n'lakuti buku limodzi simungalipeze makope asanu. Apa ndiye pofunika thumba. Aliyense aziponya kangachepe pamwezi, kaya R20 kaya R30, mmodzi azisunga ndi kulemba m'kope, ndalamayo izigula mabuku owerengedwa kale. Amalonda a m'mbali mwa msewu cha ku Park Station ndi Joubert Park amayala mabuku pansi, ndipo mtengo wake umanenereredwa. Pa Commissioner Street pali Collectors Treasury, sitolo ya mabuku akale yodzaza nsanjika zingapo, yomwe inayamba mu 1974. Kumeneko pitani muli ndi nthawi, mayina a mabuku mutalemberatu papepala, apo ayi mudzatha tsiku lonse mukungotembenuza. Bridge Books, m'tauni momwemo, imagulitsa kwambiri mabuku a alembi a mu Africa. Musanalipire buku lakale, tsegulani kumapeto muone ngati masamba otsiriza alipo, ndipo muyendetse chala pakati pake kuti mudziwe ngati ena sanathothoke. Makope awiri kapena atatu amakwanira anthu asanu ndi mmodzi ngati mukupatsirana mwadongosolo.

Mabuku a Chichewa saonekaoneka m'masitolo a kuno, njira yake ndi basi. Tumani m'bale kumudzi apite ku CLAIM Mabuku kapena ku Maneno, agule, apatsire wobwera ndi basi ya pa Mwanza kapena ya pa Dedza. Muuzeni akulunge m'pulasitiki kawiri, chifukwa ulendo wodzera ku Tete ndi ku Beitbridge ndi wautali ndipo katunduyo amapanikizana ndi usipa ndi mpunga. Asanagule, ayambe wafufuza m'masutikesi a panyumba. Mabuku a Gwengwe, Chadza, Ntaba ndi Zingani omwe tinkawerenga kusukulu akadalipo m'makomo ambiri, akudyedwa ndi chiswe.

Pafoni palinso zambiri. FunDza ili ndi nthano zazifupi zaulere, zambiri zolembedwa ndi achinyamata a dziko lino, ndipo anazikonzera kuwerengera pafoni. Project Gutenberg imasunga mabuku akalekale omwe umwini wake unatha. Amene muli ndi ana obadwira kuno, omwe Chichewa chikuwathawa, pitani pa African Storybook, ntchito ya bungwe la Saide la kuno ku Johannesburg, mukapezako tinkhani ta ana m'chinenero chathu. Zonsezi zitsitseni pomwe pali Wi-Fi kuti bandulo isathere pamenepo.

Pano ndinene mosabisa. Pa WhatsApp pamayenda ma PDF a mabuku atsopano, ndipo ambiri amawalandira osaganiza kawiri. Kagulu kanu kakane zimenezo kuyambira tsiku loyamba. Alembi ambiri a ku Malawi ndi a kuno amasindikiza mabuku ndi ndalama za m'thumba mwawo, ena atachita kukongola. Ife amene timadziwa kupweteka kogwira ntchito mwezi wathunthu osalipidwa sitiyenera kuchitira mnzathu zomwezo. Buku likadula, gulani limodzi muzibwerekana.

Chachitatu, sinthasinthani mitundu ya nthano

Apa ndi pomwe timagulu tambiri timafera. Woyambitsa amasankha mabuku omwe iye amakonda, kaya ndi achikondi okhaokha kaya olimbikitsa kulemera okhaokha, ena aja n'kuyamba kujomba. Gwirizanani kuti mwezi uliwonse mtundu wa buku uzisintha, ndipo wosankha azisinthanso. Wodana ndi mtundu wa mwezi uno adziwe kuti mwezi wake ukubwera.

Buku loyamba likhale lalifupi ndiponso lokamba za malo omwe mumawadziwa. Welcome to Our Hillbrow la Phaswane Mpe, lomwe linatuluka mu 2001, ndi laling'ono kwambiri, koma likukamba za misewu yomwe timayendamo, za Edzi, za miseche ya kumudzi yonena za omwe anapita kutauni, ndi za momwe eni dziko amaonera ife obwera. Muchenjezane kaye kuti muli imfa zowawa, kuphatikizapo kudzipha. Ngati pali amene wangoferedwa kumene, yambani ndi lina. Mine Boy la Peter Abrahams, la mu 1946, likutsata mnyamata wochokera kumudzi amene wabwera kudzagwira ntchito mumgodi wa golide. Buku limeneli limatsegula pakamwa pa anthu. Pafupifupi aliyense wa ife ali ndi agogo kapena amalume amene anabwera kuno pa Wenela kapena pa Theba, mabungwe omwe ankalemba anthu ntchito za kumigodi, ndipo akuluakulu amakumbukira ngozi ya ndege ya ku Francistown mu 1974, yomwe inapha Amalawi oposa 70 obwerera kumudzi kuchokera kumigodi, mpaka Kamuzu analetsa kulemba anthu ntchito za kumigodiko. Nkhani zoterozo zikayamba kutuluka pa zokambirana, musazidule poti sizili m'bukumo. Bukulo ndi lomwe lazidzutsa.

Mwezi wa nthano zachikondi ukafika, abambo ena amanyinyirika kuti izi n'zachibwana. Ine ndimakana. Ambiri a ife Chingerezi tinachiphunzirira pa timabuku ta Pacesetters ndi Mills & Boon tomwe tinkabwerekana kusekondale, ndipo palibe mtundu wina wa nthano umene umafikitsa anthu msanga pa nkhani zomwe timazibisa: banja lomwe mwamuna ali ku Joni mkazi ali ku Mangochi, ndalama zotumiza, nsanje, nkhanza za m'nyumba. Hlomu the Wife la Dudu Busani-Dube, lomwe mlembi wake anadzisindikizira yekha ndipo mu 2021 linasanduka sewero la pa Showmax, limagawa kagulu pakati, ena kumuikira kumbuyo mwamunayo, ena kufunsa chomwe mkaziyo akukhalirabe. Kugawikana kumeneko n'kwabwino, bola mukutsata zomwe ndinene m'munsimu za kayendetsedwe ka zokambirana.

Nthano zofufuza milandu n'zosavuta, zimadziwerengetsa zokha. Ziikeni mwezi womwe anthu ali otopa, monga November. Aliyense alembe papepala amene akumukayikira asanafike pakati pa buku, mapepalawo mudzatsegule pokumana.

Zomwe zimafuna kulimba mtima ndi nthano zam'tsogolo ndi zamatsenga. Wina amati n'zabodza, wina amati n'zosemphana ndi chipembedzo. Kumbutsanani kuti nthano iliyonse ndi yopeka, ndipo funso ndi lakuti mlembi wapekeranji dziko lotero. Zoo City la Lauren Beukes, la mu 2010, lomwe linapata mphotho ya Arthur C. Clarke chaka chotsatira, likuchitikira ku Hillbrow komweko, koma m'dziko lomwe munthu wopalamula mlandu waukulu amapatsidwa chinyama choyenda nacho kulikonse, aliyense n'kumamuona kuti uyu ndi wolakwa. Amene anaimitsidwapo pamsewu chifukwa cha khungu kapena kalankhulidwe samafunika kumufotokozera tanthauzo lake. Kwathunso alembi a mtundu umenewu alipo, monga Shadreck Chikoti amene analemba Azotus the Kingdom, nkhani ya Africa ya zaka mazana zikubwerazo.

Ndipo pa miyezi itatu kapena inayi iliyonse bwererani ku buku la Chichewa. Nthondo la Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, linatuluka mu 1933 ndipo likutsata moyo wa munthu mmodzi kuyambira kubadwa kwake. Mukaliwerenga muli wamkulu, muli kutali ndi kwanu, popanda mayeso okudikirani, mudzadabwa kuti ndi buku lina ndithu. Ena amakwiya ndi momwe mabuku a nthawi imeneyo amaonetsera miyambo yathu, ena amangosangalala ndi kukoma kwa Chinyanja chake. Onsewo alankhule.

Chachinayi, gwirani zomwe mukumva zisanathawe

Mtima suchedwa kuiwala. Chomwe chinakupwetekani Lachiwiri m'tekisi, pofika Lamlungu chimakhala chitazilala, mumangotsala ndi mawu oti "linali bwino". Tsono khalani ndi kakope kakang'ono, kapena muzidzitumizira uthenga wamawu pafoni. Musalembe chidule cha nkhani, anzanu aiwerenga kale. Lembani nambala ya tsamba ndi zomwe zinakuchitikirani pamenepo: apa ndinatseka buku n'kuyang'ana kunja, apa ndinaseka ndekha, apa sindinakhulupirire kuti mayi angatero, apa ndinadumpha masamba atatu. Pomwe munadumpha m'pofunika kwambiri, chifukwa pamasonyeza kuti mwina mlembi anatalikitsa, mwina inuyo pali chomwe simunafune kuchiona.

Buku la ku laibulale kapena la kagulu musalembemo kapena kupinda masamba. Ikanimo tizidutswa ta pepala.

Buku likakukanikani, muli ndi ufulu wolisiya. Pirirani masamba ngati 50, likapanda kukugwirani litsekeni, koma kukumana mubwerebe ndipo mudzanene tsamba lomwe munalekera ndi chifukwa chake. Wosiya buku amathandiza zokambirana kuposa womaliza mokakamizika.

Pa WhatsApp ya kagulu pakhale lamulo limodzi lolimba: mathero saululidwa. Wofuna kudandaula ayambe ndi kunena mutu womwe wafika, kuti amene sanafikepo asatsegule uthengawo.

Chachisanu, tsiku lokumana

Kamodzi pamwezi n'kokwanira, maola awiri. Nyengo yotentha mukhoza kukhala pa kapinga ku Zoo Lake, ku Rhodes Park ku Kensington, kapena ku Wemmer Pan kwa a kumwera. Yambani dzuwa likadali pamutu, chifukwa mvula yamabingu ya kuno imakonda kubwera chakumadzulo. Mu June ndi July kuzizira sikulola, ndiye muzisinthana m'manyumba kapena mupemphe kachipinda kutchalitchi mapemphero akatha. Malizani kusanade kuti aliyense apeze tekisi bwinobwino. Zakudya zisakhale mpikisano, tiyi ndi buledi basi, kuopa kuti amene mwezi wamuthina angachite manyazi kulandira anzake.

Dongosolo la olankhula ndilo lofunika kuposa zonse. Kwathu wamkulu akanena maganizo ake, wamng'ono amangoti "ndi momwemo", ngakhale mumtima akutsutsa. Ulemu umenewo ndi wabwino, koma pa zokambirana za buku umatseka anthu pakamwa. Choncho ayambe ndi wamng'ono pa onse, wamkulu atsirize, ndipo wosankha bukulo alankhule pambuyo pa ena onse. Fotokozerani akuluakulu chifukwa chake pachiyambi pomwe, mwaulemu, kuti asaone ngati achepetsedwa. Ulendo woyamba aliyense angowerenga chimodzi mwa zomwe analemba m'kakope kake, popanda womudula kapena womuyankha. Mtsutso ubwere pa ulendo wachiwiri.

Mtsutsowo ukayamba, woyendetsa akhale ndi funso limodzi lokonzeka: pa tsamba liti? Wina akati mkazi wa m'nkhaniyi ndi woipa, mufunseni kuti, "Achimwene, munayamba kumuda pa tsamba liti?" Atsegule, awerenge ndimeyo mokweza. Kawirikawiri pamapezeka kuti wina ndime yomweyo anaimva mosiyana, n'kuyankha kuti, "Koma achimwene, taonani zomwe mwamunayo ananena mzere wapamwambapo." Mukatero mukukangana ndi buku, osati ndi munthu. Mafunso ena othandiza ndi awa: ndani m'nkhaniyi amene mlembi sanamupatse mpata wolankhula? Izi zikanachitikira ku Ntcheu kapena ku Nkhotakota, ankhoswe ndi amfumu akanazitenga bwanji? Mathero mwawakhulupirira, kapena mlembi anangotopa?

Musalole kuti zokambirana zisanduke bwalo loweruza owerenga. Mtsikana akanena kuti anamumvetsa mpangankhani amene anathawa banja, sindiye kuti nayenso akufuna kuthawa. Bambo akanena kuti chigawenga cha m'nkhaniyo anachimvera chisoni, si chigawenga iyeyo. Munthu akangodzudzulidwa kamodzi chifukwa cha zomwe wamva, mwezi wotsatira adzangonena zokomera anthu, ndipo kagulu kadzasanduka kalasi ija tinaithawa. Nthawi zina buku limakhudza bala lenileni, munthu n'kuyamba kunena za iye mwini, mwina misozi n'kutsika. Mulekeni amalize, musamuthire malangizo, ndipo zomwe wanena zithere pomwepo. Amalawi kuno timadziwana, nkhani ikatuluka imakafika kumudzi tsiku lomwelo.

Chachisanu ndi chimodzi, lembani pomwe mlembi anakusiyani ndi njala

Pakapita miyezi ingapo mudzamva wina akuti, "Ine ndikanakhala mlembi, mwana uja sakanafa." Mawu amenewo musawalekerere. Muuzeni alembe.

Zolemba zotere zili ndi dzina, fan fiction: nthano yomwe wowerenga amalemba pogwiritsa ntchito anthu ndi dziko la m'buku, filimu kapena sewero la wina. Kwa ife si zachilendo. Nthano za Kalulu palibe agogo awiri amene amazikamba mofanana, aliyense amawonjezera msampha wake ndi nyimbo yake, Kalulu n'kukhalabe yemwe uja wochenjera. Pa intaneti mwambo umenewu uli ndi malo ake akuluakulu. FanFiction.net inayamba mu 1998. Wattpad inayamba ku Canada mu 2006 ndipo ili ndi nthano zotere pamodzi ndi zopeka anthu okha. Archive of Our Own, yomwe ambiri amangoti AO3, inatsegulidwa kwa anthu mu 2009, imayendetsedwa ndi bungwe losachita malonda, ilibe zotsatsa, ndipo mu 2019 inapata mphotho ya Hugo, ya nthano zam'tsogolo ndi zamatsenga.

Musanalembe, werengani zingapo kuti muone momwe ena amachitira. Pa AO3 nthano zambiri zimakhala ndi chizindikiro cha msinkhu woyenera, kuyambira General (za aliyense) mpaka Explicit (za akuluakulu okha), ndiponso machenjezo onena ngati muli nkhanza kapena imfa. Werengani zimenezo musanatsegule, ndipo gwiritsani ntchito sefa yake kuchotsa zomwe simukufuna. Makolo, ngati mwana wanu amakhalira pa Wattpad, khalani naye pansi akuonetseni zomwe amawerenga, chifukwa muli zabwino zambiri komanso muli za akuluakulu. Mudzapeza nthano zolembedwa mwaluso kuposa mabuku ena osindikizidwa, mudzapezanso zosalongosoka ndi zosamalizidwa. Ikakukomerani, siyani ndemanga yonena ndime yomwe yakugwirani. Olemba amenewa salipidwa kanthu, malipiro awo ndi ndemangazo.

Tsopano kulemba kwenikweniko. Tsegulani kakope kanu kaja, pezani tsamba lomwe munakwiya kapena kudandaula kwambiri. Nthano yanu iyambire pamenepo. Njira zake zilipo zingapo. Mukhoza kusintha chinthu chimodzi chokha, monga kalata yomwe inasochera ifike, n'kutsata zomwe zingachitike. Mukhoza kupitiriza pomwe buku linathera, patapita chaka. Mukhoza kusamutsa nkhani yonse, anthu a ku London muwaike ku Ndirande, muone ngati chikondi chawo chingapirire apongozi. Koma njira yomwe ine ndimaikonda, ndipo ndikukhulupirira kuti ndi yathu ife, ndi kutenga munthu amene m'bukumo anangodutsa: wantchito wobweretsa tiyi, mlonda wa pageti, wosamalira maluwa amene dzina lake silinatchulidwe. M'mabuku ambiri a dziko lino anthu amenewa amangooneka mzere umodzi, chonsecho ndi ife. Timadziwa zomwe amamva ali kukhitchini abwana akukangana, timadziwa komwe amagona ndi amene amamuimbira foni usiku. Mpatseni dzina, mudzi ndi chifukwa chomwe anabwerera kuno, kenako fotokozani tsiku lalikulu la m'bukumo momwe iye analionera.

Lembani m'Chichewa, ngakhale bukulo ndi la Chingerezi. Poyamba zimamveka zachilendo kumva mpangankhani wa ku Soweto akuti "zikomo", koma mudzaona kuti pali zinthu zomwe mukhoza kumuyankhulitsa m'chinenero chanu zokha. Nthano yoyamba isapitirire masamba awiri kapena atatu, chochitika chimodzi, malo amodzi. Sungani khalidwe la munthuyo momwe mlembi analiumbira: wamwano asasanduke wofatsa popanda chomusintha, apo ayi anzanu adzati uyu si yemwe uja. Mukamaliza, isiyeni masiku angapo, kenako iwerengeni mokweza muli nokha. Pomwe lilime lakodwa, pakonzeni. Mupatse munthu mmodzi wa m'kagulu aione kaye isanafike kwa onse.

Pali malire oyenera kuwasunga. Pamwamba pa nthano yanu lembani dzina la buku ndi la mlembi amene mwabwereka anthu ake. Musakopere ndime zake n'kuziika ngati zanu. Musaigulitse, ngakhale pa R5, chifukwa lamulo la umwini wa zolemba la dziko lino, la mu 1978, limateteza buku kwa moyo wonse wa mlembi ndi zaka 50 iye atamwalira. Mlembi akanena poyera kuti safuna anthu ake azilembedwa ndi ena, mverani. Ndipo musalembe za anthu enieni, kaya ndi oyandikana nawo, abusa kapena abwana anu, n'kumati ndi nthano chabe.

Pa tsiku lokumana patulani mphindi 20 zakumapeto kuti wolemba mmodzi awerenge yake. Omvera achite zomwe amachita ndi buku lina lililonse: anene pomwe anagwidwa mtima, pomwe anasokonezeka, pomwe sanakhulupirire. Za kalembedwe ka mawu ndi zizindikiro za m'kalembedwe zidzabwere pambuyo, mwamseri. Wolembayo asadziteteze, angolemba zomwe akumva. Amene walemba zitatu kapena zinayi zotere kawirikawiri amapezeka kuti mlonda uja wakula, ali ndi mkazi, ngongole ndi mbiri yakeyake, ndipo buku loyamba lija sakulifunanso. Zikafika apo, achotse mayina ndi zochitika zonse zobwereka, atsale ndi zake zokha. Imeneyo ndi nthano yake, akhoza kuitumiza ku nyuzipepala za kumudzi zomwe zimasindikiza nthano zazifupi za Chichewa, kapena kuisunga kuti idzakhale mutu woyamba wa buku.

Chotsiriza, December

Mwezi umenewu theka la kagulu limakwera basi, ndipo timagulu tosakonzekera sitidzukanso mu January. Pa kukumana kwa November werengani ndalama za m'thumba pamaso pa onse, bwezani mabuku onse a ku laibulale, ndipo mabuku a kagulu alowe m'katoni imodzi kwa munthu amene sakupita kumudzi komanso sakusamuka nyumba. M'kope mulembe buku lililonse ndi amene walitenga. Sankhiranitu buku la January ndi tsiku lokumana, makope ake apite ndi apaulendo kuti akawerenge m'basi ndi podikira pachipata cha Beitbridge. Mmodzi wa iwo mumupatse ndalama ndi mndandanda wa mabuku a Chichewa oti akagule ku Blantyre kapena ku Lilongwe, ndipo mumuuze abweretse malisiti.